Landirova ya ba Whyson m'Madzi a Kanyama

Rodgers atabwerako ku Mangalande anapeza Lusaka imene ankaidziwa ataigulitsa zidutswazidutswa. Pamene panali mitengo ya mthunzi panali zikwangwani za aneneri ndi za mafoni, ndipo bwalo limene ankamenyerapo mpira wamapepala linali sitolo ya matailosi. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinamudikira pamalo pake: Landirova ya bambo ake, ba Whyson, pabwalo la nyumba yawo ku Kanyama.

Koma nayonso inali itasanduka. Iye ankaikumbukira yobiriwira ngati tsamba la chinangwa, ikulira mwaulemu ndi injini yake ya petulo. Tsopano inali ndi injini ya dizilo yochotsedwa m'galimoto ina, yogogoda ngati chigayo. Masipuling'i anali atawawonjezera, moti inakwera m'mwamba ngati mayi wokwinya chitenje powoloka mtsinje. Choipitsitsa chinali paipi yapulasitiki yotuwa, ya mtundu umene amaika kuchimbudzi, imene inatuluka m'mbali mwa injini n'kukwera m'mphepete mwa galasi mpaka padenga, pamwamba pake atavundikirapo chigubu chodula.

Ba Whyson anamwalira Rodgers ali kunja, ndipo kumaliro sanabwere. Mapepala ndiwo anavuta, ankatero. Amene ankayendetsa galimotoyo tsopano anali mlongo wake Eneless, ponyamula makala ndi kabichi kupita nazo kumsika. Rodgers anamufunsa kuti ndi makanika uti wapansi pa mtengo amene anachita chipongwe chotere. Eneless anayang'ana amayi awo, amene anali gone pamphasa pakhonde, ndipo amayiwo anangotseka maso. Rodgers anaona ngati amuvomereza.

Amayiwo ankadziwa kuti ulendo wawo wayandikira. Anauza ana awo onse awiri kuti tsikulo likadzafika sakufuna galimoto yamagalasi akuda. Ankafuna Landirova yomwe inanyamula amuna awo, ndiponso kuti pochoka kumotshale adzawadutsitse kunyumba, alowe pageti pawo komaliza asanapite kumanda a ku Chingwere. Rodgers anawatenga mawuwo ngati anenedwa kwa iye yekha. Kwa bambo ake sanachite kalikonse. Ichi ankafuna achichite mwakuti Kanyama yense aone.

Amayi atagonekedwa m'chipatala, Eneless anasiya msika n'kukakhala pambali pa bedi. Rodgers anatenga galimotoyo kupita nayo kugalaja ina ku Matero. Ankakhalako tsiku lonse, foni kumanja, akuonetsa amakanika zithunzi za ma Landirova amene madala a ku Mangalande amawapukuta ndi kansalu n'kukawaimika pakapinga kuti anzawo asirire. Injini yakale sinapezeke, choncho ya dizilo anaisiya mokwiya. Masipuling'i owonjezera anawachotsa. Utoto wobiriwira anausakaniza yekha mpaka unafanana ndi wa m'mutu mwake. Paipi ija anaidula ndi manja ake n'kuiponya pamulu wa zitsulo, ndipo polowera mpweya wa injini anapabweza pansi, pamene opanga galimotoyo anapaika. Amakanikawo anachita zimene anauzidwa. Iye ankagona kuloji ku Kabulonga, ndipo galimotoyo sinabwererenso ku Kanyama.

Amayi anatsikira kuli chete mu Febuluwale, mvula ikugwa ngati yatumidwa.

M'mawa wa tsiku loika maliro, Rodgers anafika kumotshale ndi Landirova ikunyezimira. Abale ochokera ku Katete anaizungulira akugwedeza mitu, ndipo amalume awo anati ba Whyson akanaiona akanadzuka. Eneless anaizungulira nayenso. Anaima pafupi ndi galasi, n'kuyendetsa chala pa kachigamba kachitsulo kamene kanatseka bowo la paipi. Anauza mlongo wake motsitsa mawu kuti madzi ku Kanyama afika m'ntchafu. Rodgers anamuyankha kuti galimoto imeneyi inkawoloka mitsinje ya kumudzi Eneless asanabadwe n'komwe. Bokosi linali litatuluka kale, ndipo pamaso pa bokosi anthu sakangana. Eneless anakwera kumbuyo pamodzi ndi amalume ndi amuna ena a kutchalitchi.

Pamene tala amathera, basi ya olira inaima, chifukwa sikanatha kupitirira. Kutsogolo msewu kunalibe. Kunali madzi a mtundu wa tiyi wamkaka, atanyamula mabotolo ndi mapepala, akulowa m'mageti n'kutulukira m'mazenera a zimbudzi. Anthu ankayenda m'mbali mwa mipanda atanyamula nsapato kumutu. Ena ataona bokosi anaima n'kuvula zipewa. Rodgers anaika giya yamphamvu, analowa m'madzimo, ndipo kwa kanthawi anali mwana wa ba Whyson amene wabwera kudzaika amake. Denga la nyumba yawo linayamba kuoneka, ndi tenti ya olira pabwalo. Anaponda mafuta pang'ono kuti akafike mwaulemu.

Madzi anaunjikana kutsogolo n'kukwera pabonati. Injini inatsokomola kamodzi, kenako munamveka kugunda ngati wina wamenya nyundo m'kati mwake, n'kukhala zii. Anapotoza kiyi. Inangoti tche. Anapotozanso. Madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko n'kumunyowetsa masokosi. Atayang'ana pagalasi lakumbuyo anaona amuna aja atanyamula bokosi n'kulisanjika pamaondo awo, chifukwa madzi anali atalowanso kumeneko.

Kuchokera kunyumba kunabwera gulu la amayi akuwoloka, patsogolo pali bana Chibwe, mnansi wawo wachibemba amene anagulitsa tomato ndi malemu kuyambira kale. Pamaliro a Mngoni ngati awa, Mbemba amakhala mbuya, mnzawo wochitirana naye chipongwe: amatukwana ofedwa, kuwaseka ndi kuwapaka ufa kumaso, ndipo wofedwa amene sanapakidwe amakhala ngati si wapabanjapo. Bana Chibwe anali ndi ufa wawo m'kambale.

"Imwe Angoni, mwalonga mbeba zingati mu motoka kuti ikane kuyenda?" anakuwa akali patali, akuwaseka kuti amadya mbewa. "Muzanga afuna kulowa mu nyumba yake, imwe mwamuleta ku swiming'i."

"Bana Chibwe, yendani mukadye kolwe wanu," anayankha Eneless, mawu ali ofooka, akubweza kuti Abemba amadya anyani.

Amayi aja anaseka ngakhale misozi inali m'masaya. Bana Chibwe anafika kumbuyo kwa galimoto, anapaka Eneless ufa pachipumi, anapaka amalume, n'kunena kuti Angoni ngakhale atavala suti amanunkhabe utsi wa kuuna. Kenako anazungulira kubwera kwa woyendetsa, dzanja litadzaza kale ufa. Atafika pagalasi anaima. Anayang'ana padenga, anayang'ana kachigamba kaja.

"Manje paipi ya ba Whyson ili kuti?"

"Ya ba ndani?" anafunsa Rodgers.

"Ya batate bako. Banaimanga beka, na manja yao."

Sanakweze mawu, koma pamadzi mawu amayenda. Anafotokoza ngati akuuza mlendo njira. Chaka chimene madzi anatsekereza Kanyama kwa nthawi yaitali, amake Rodgers anadwala koyamba ndipo panalibe galimoto yolowa kudzawatenga. Ba Whyson, atayamba kale kudwala iwonso, anazula paipi kuchimbudzi chawo chomwe, anakhala pansi pa Landirova mpaka anaikweza, ndipo anawolotsa akazi awo. Kuyambira pamenepo odwala ndi amayi apakati a mzere wonse wa nyumbazo ankatuluka ndi galimoto imeneyi. Pa tsiku lawo lomaliza ba Whyson anadutsa m'madzi omwewa, pamalo omwewa, ndipo injini sinatsokomole.

Rodgers anatembenuka kuyang'ana Eneless kudzera pakazenera kakumbuyo, n'kumufunsa chifukwa chake sanamuuze.

"Munafunsa ati ni makanika uti wa pansi pa mutengo," anatero Eneless. "Amai benze pamene paja. Nenze kuyankha bwanji?"

Bana Chibwe anatsegula dzanja lawo, ufa uja n'kubwerera m'kambale. Anapukuta chikhatho pachitenje. Kenako anauza amuna aja, ndi ulemu umene sanaupatsepo Mngoni aliyense, kuti atsitse mayiyo apite naye pamapewa, nthawi ikutha.

Amunawo anatsikira m'madzi mmodzimmodzi, n'kulandirana bokosi. Rodgers anakankha chitseko natsika, madzi akumufika m'ntchafu, ndipo anatambasula dzanja kuti agwire pakona. Amalume anamuuza mofatsa kuti malo akwanira. Anawonjeza kuti lole imene inkabweretsa nkhuni ndi mipando ili kumbuyoku, ndipo tsopano ndiyo idzapite ndi malemu ku Chingwere, koma singafike pageti Landirova itatseka njira. Panafunika munthu wogwira chiwongolero pamene ena akukankha.

Rodgers anabwerera pampando wonyowa uja. Amene anatsala kuti akankhe anali amayi a mzerewo, atamanga zitenje m'chiuno. Palibe anamunyoza. Ankangomuuza kuti apotoze kumanzere, awongole, apotozenso, ndipo ankamutchula kuti ba bosi. Galimotoyo inayenda pang'onopang'ono chammbuyo mpaka inalowa pakampata pakati pa mipanda iwiri, pamene sikanatsekereza munthu.

Ali pamenepo anamva nyimbo ikuyambika kutsogolo, ndipo anadziwa kuti bokosi lafika pageti. Kuchokera pampatapo nyumba sinkaoneka. Amayi aja anamusiya n'kuthamangira kumeneko, madzi akuthovoka m'miyendo mwawo, ndipo lole inadutsa pamaso pake n'kukankhira funde lina m'kati mwa Landirova. Anakhalabe atagwira chiwongolero mpaka nyimbo ija inafika ndime yomaliza.