Matambula Atatu a Yisiti

Dokotala anapeza bambo ake atakhala pa thumba la ufa, akuyang'ana mabuledi amene anatuluka mu uvuni ali phwatalala ngati nsapato zakutha. Dzina la Dokotalali anamupatsa ndi bambowo tsiku limene anasankhidwa kupita ku yunivesite. Zaka zinayi zonse ankauza kasitomala aliyense wa bekale yawo kuti mwana wawo wamkazi akuphunzira zobaya anthu jakisoni. Mawu oti bayokemisitiri, dzina lenileni la maphunziro a mwanayo, ankawatsamwa pakhosi.

M'chikwama cha Dokotala munali kalata. Anzake a m'kalasi ankathamangira kopanga mankhwala, ena koyeza madzi akumwa, koma iye anaitanidwa ku labotale ya fakitale yopanga yisiti, ndipo yankho linkafunika Lolemba. Ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse. Chimene chinkamuopsa n'kuwalanda bambo ake dokotala wawo.

"Sabata yachiwiri ino," anadandaula bambowo. "Akusukulu aja anena kuti buledi akabweranso chonchi mawa, azikagula kwina. Yisiti wa masiku ano ndi fumbi lenileni. Ndasintha yisiti, ndasintha ufa, ndasintha shuga."

"Zonse nthawi imodzi?"

"Nanga ndidikire chiyani, bekale itsekedwe?"

Dokotala anaseka. Chinthu choyamba chimene anamukhomerera m'mutu ku labotale n'chakuti umasintha chimodzi, zina zonse n'kuzisiya momwemo. Anandandalika matambula atatu pa tebulo, lililonse supuni ya yisiti ndi supuni ya shuga. M'loyamba anathira madzi ozizira a pampopi. M'lachiwiri anathira ofunda, atawayeza ndi kachipangizo koyezera kutentha kamene ankayenda nako.

"Lachitatuli thiranimo ndinu, Bambo, monga mumachitira masiku onse."

Bambowo anasakaniza madzi a m'ketulo ndi a pampopi m'beseni, n'kuviikamo dzanja modzikhulupirira. "Ofunda bwinobwino," anatero akuthira. Dokotala anaviikamo kachipangizo kaja. Kanaonetsa madigiri 60.

"Ndiye tizingoyang'anizana ndi matambula, Adokotala?"

"Paja mumati kuona maso a nkhono n'kudekha."

Patatha mphindi khumi, loyamba linali ndi tithovu tochepa. Lachiwiri linafufuma mpaka thovu kutsikira pa tebulo. Lachitatu linali zii.

"Yisiti ndi wamoyo, Bambo. Amadya shuga n'kutulutsa mpweya umene umatukumula buledi. Madzi anuwa akumupha asanayambe ntchito."

"Iwe, ine ndayeza madzi ndi dzanja ili usanabadwe!"

"Tayesani ndi chigongono."

Bambowo anapinda malaya mokwiya, n'kuviika chigongono m'beseni muja. Anachichotsa msangamsanga. Kenako anayang'anitsitsa dzanja lawo, la zipsera za uvuni za zaka makumi atatu, ngati akuliona koyamba.

"Landinamiza," anatero motsitsa. "Zoonadi, tsabola wakale sawawa."

Dokotala anamva chisoni chachikulu, koma anadziwa kuti akapanda kulankhula pompo sadzalankhulanso.

"Dzanjalo tikalionetse kuchipatala, kwa dokotala weniweni. Ine sindidzakhala dokotala, Bambo. Zimene ndaphunzira ndi izi mwaonazi, ndipo ndimazikonda."

Anawapatsa kalata ija. Bambowo anaiwerenga pang'onopang'ono, zala zikusiya ufa pa pepala. Anafika kumapeto n'kuyambiranso.

"Ndiye yisiti ndimagulayu azidutsa m'manja mwako?"

"Ndizimuyeza asanalowe m'paketi."

"Chabwino. Akadzakhaladi fumbi, ndidzadziwa womukalipira." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Utsi wa uvuniwu nawo. Tiye, yeza madziwo tikande wina."

Anakanda limodzi, mwana akuyeza madzi, bambo akukanda ndi manja awo omwe aja. Ataphimba mtandawo ndi nsalu, pawindo panafika mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankagula buledi masana aliwonse.

"Ee, Adokotala abwera! Bwerani mundione bondo ili."

Dokotala anatsegula pakamwa, koma bambo ake anamutsogola.

"Bondo pitani nalo kuchipatala, amayi. Uyu si wa mabondo. Uyu ndi wa ku labotale, amadziwa chimene chimadzutsa buledi."

Anatenga kachipangizo kaja n'kukakoleka pa msomali pafupi ndi ketulo, osapempha n'komwe mwini wake. Kumbuyo kwawo nsalu ija inali itayamba kale kukwera.