Diresi Lolipira Lendi

Venansio anatsegula sutikesi ya zovala za gulu. Diresi laukwati munalibe. Linali Loweruka m'mawa. Sewero lawo linali la masana omwewo, mu holo ya ku Bangwe, ndipo linkathera pa ukwati.

Anathamangira kwa Mayi Constance, msungichuma wa gulu lawo la zisudzo. Anawapeza akukazinga mandasi. Sanabise. Diresi analibwereketsa kwa Salome wa ku Namiyango, amene ankakwatiwa tsiku lomwelo. Sikanali koyamba. Chichokereni bungwe limene linkawathandiza, lendi ya holo ndi mafuta a jenereta zinkachokera m'diresimo. Akwatibwi ambiri a ku Bangwe anali atalivala.

"Ndiye ndife gulu la zisudzo kapena shopu ya madiresi?"

"Achimwene, m'gulu lonseli amene ali pantchito ndi diresi lokha. Muzilipatsa ulemu."

Venansio sanaseke. Anati sewero likapanda ukwati, anthu aitanitsa ndalama zawo, ndipo mwini holo atseka chitseko mwezi uno. Mayiwo anaphula mandasi, namanga chitenje.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu kayambeni sewero."

Mayiwo anakwera minibasi mpaka kumadyerero a ukwati. Anamukokera Salome pambali. Anamuuza kuti m'chigawo chomaliza cha sewero mkwatibwi salankhula kanthu, amangoima n'kumamwetulira, ndipo akavomera, mtengo wa diresi audula pakati. Salome anati ntchito imeneyo waigwira kale kuyambira m'mawa. Mkwati, Onesimo, anang'ung'udza. Atamva za mtengo, anakonza tayi.

Kuholo sewero linali litatsala pang'ono kutha. Venansio ankatalikitsa mkangano wa ankhoswe, maso ali kukhomo. Kenako kunamveka lole, ndi nyimbo. Alendo a ukwati anatsika onse, kutsatira mkwatibwi wawo. Pakhomo analipira. Mabenchi anachepa.

Thandie, amene ankayenera kukhala mkwatibwi m'seweromo, anangogwira mchira wa diresi. Salome anaima, namwetulira. Nthungululu zinagwedeza malata. Azakhali ena anakwera pasiteji kukafupa, Mayi Constance n'kuwatchera mbale.

Anthu atabalalika, Venansio anakhala pa sutikesi yopanda diresi ija, akudya ndasi lozizira.

"Mayi, suti ija anavala Onesimo, ndi yake?"

"Yobwereka. Kwa telala wa ku Limbe."

Venansio anatafuna pang'onopang'ono.

"Sewero lotsatira, mkwati azivala suti. Ndi nsapato zomwe."

"Kukaunjika ndafunsa kale," anatero mayiwo. "Lolemba tipitira limodzi, mukayese."