Chipsera cha Pankhongo

Chidole chakale sitichifunsa kumaso. Nkhope imanama: ina anaipentanso dzana lomweli, ina anaiveka wigi ya chidole china. Ukafuna zoona umachitembenuza, n'kukweza tsitsi, n'kuyang'ana pankhongo. Pamenepo ndi pomwe akufakitale ankadinda nambala ndi kachizindikiro kawo, ndipo ine ndawerenga nkhongo za zidole kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndili nazo zoposa mazana awiri m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yanga yosokera, pamashelefu amene ndinakhomera nsalu. Zina n'zalabala, zina n'zapulasitiki wolimba uja wakale, zingapo zili ndi mitu yadongo longa la makapu a tiyi ndi matupi ansalu odzaza utuchi. Mlongo wanga wamng'ono amazitcha ana anga osadya. Ndimangomusiya, poti ake odyawo amamuimbira foni kamodzi pamwezi.

Amayi amakhala kwa mlongo wangayo. Atayamba kuiwala, anayamba ndi makiyi, kenako masiku, kenako mayina. Dzina langa litapita sindinadandaule kwenikweni, chifukwa ngakhale ali bwinobwino sankaligwiritsa ntchito. Moyo wanga wonse ndinali iwe. Iwe, tseka chitseko. Iwe, tsitsi limenelo ukupita nalo kuti? Ndinakwatiwa ndili iwe, ndinamera imvi ndili iwe. Ndiye Lamulungu lina ndinalowa m'chipinda mwawo, iwo n'kudzikonza bwinobwino pampando, n'kundipatsa dzanja.

"Takulandirani, mayi. Mwachokera kutali?"

Ulemu umenewo unandibaya kuposa mwano uliwonse umene ndinamvapo. Mlongo wanga anali akadali iwe, poti ndi amene amawapatsa mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo ndivomere, ndinamuchitira nsanje, ine munthu wamkulu ndi imvi zanga. Sindinkafuna zambiri. Ndinkangofuna iwe mmodzi, ngakhale wondikalipira.

Patapita milungu ingapo mlongo wanga anandiimbira ndili pamakina.

"Achemwali, amayi ayamba nyimbo yatsopano. Akadzuka, chidole changa chili kuti. Akamadya, chidole changa mwachiika kuti. Ndawagulira china kusitolo, achiponyera pansi pa bedi."

"Cha kusitolo? Iwe, ukanandifunsa. Zisiye m'manja mwanga zimenezo."

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene ankanena, kapena ndinene kuti ndinaganiza kuti ndadziwa. Amayi anali ndi chidole cha pa utsikana wawo, chimene chinkakhala pamwamba pa wadirobu ndipo chinasowa pa kusamuka kwina ine ndisanayambe sukulu. Chinatsala pachithunzi chimodzi chokha, chopanda mitundu, chothyoka pakona. Amayi akhala pampando, pamiyendo pawo pali ine wa zaka zitatu, ndipo ine ndakumbatira chidolecho. Ndinachotsa chithunzicho mufelemu, ndinachiika pawindo, ndinatenga galasi langa lokuzira zinthu. Mwana wa maminayo sindinamuyang'ane n'komwe, ndinali ndi ntchito.

Zala ziwiri zapakati zinali zomatana. Pakamwa panali potsegula pang'ono, timano tiwiri tikuoneka. Tsitsi silinali lobzala, linali loumbira kumodzi ndi mutu, ndi kamzere kopindika pachipumi. Mafakitale atatu ankapanga nkhope yotere, koma imodzi yokha ndi imene inkaboola kachibowo pabondo, ndipo bondo lamanzere linkaoneka pansi pa chigongono changa. Ndinatsegula mabuku anga okutha aja mpaka ndinapeza: nambala 52, ndi kanyenyezi pamwamba pake. Ndinawomba m'manja ndekha m'shopu ngati wopenga.

Kuchidziwa n'kwina, kuchipeza n'kwina. Ndinazungulira misika ya zinthu zakale Loweruka ndi Lamulungu lililonse, ndikupisa manja m'makatoni a maambulera othyoka ndi mawotchi akufa. Ndinavutitsa anzanga a pagulu lathu la pafoni mpaka ena anasiya kundiyankha. Bambo wina anandibweretsera mutu wa 52 woumiriza pathupi la chidole cha chaka chatha, n'kumalumbira kuti ndi cha agogo ake. Ndinamuuza kuti agogo akewo ayenera kuti anabadwira mufakitale ya mabeseni. Inatha miyezi isanu, ndipo m'miyezi imeneyo kwa amayi ndinapitako kawiri kokha. Ndinkadziuza kuti ndikuwagwirira ntchito. Zoona zake n'zakuti ndinkathawa kupatsidwa dzanja.

Ndinakachipeza kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene ankatseka sukulu yake ya mkaka. Chinali m'dengu la zoseweretsa, chamaliseche, diso limodzi litakanirira. Ndinachitembenuza. 52, kanyenyezi pamwamba. Ndinachitsuka ndi thonje ndi sopo wochepa, ndinasintha lasitiki wa m'mapewa, ndinamasula diso lija mpaka onse awiri ankatsinzina ukachigoneka. Ndinasoka kadiresi ka pachithunzi, ndi kolala yake yozungulira. Mtundu ndinachita kulota, ndinasankha wachikasu. Ndinapezanso tinsapato toyera.

Lamulungu masana ndinafika nacho m'bokosi. Mlongo wanga ananditsegulira.

"Mwabwera ndi mdzukulu? Adya chiyani?"

"Choka apo, ukaike madzi a tiyi."

Amayi anali pampando wawo wa pawindo, bulangete pamiyendo, wailesi ikulankhula yokha patebulo. Anali atachepa. Juzi imene ndinawalukira chaka chatha inali itawakulira m'mapewa.

"Takulandirani, mayi," anatero. "Pepani, m'nyumba muno simunasesedwe."

Ndinagwada, ndinatsegula bokosi.

"Amayi, chidole chanu chija ndi ichi."

Anachilandira mwaulemu, monga mmene munthu amalandirira mwana wa mlendo. Anachiyang'ana, anakonza kolala.

"N'chokongola. Ndi cha mwana wanu?"

"Ndi chanu, amayi. Chija cha pawadirobu. Taonani." Ndinachitembenuza m'manja mwawo, ndinatenga chala chawo n'kuchiyendetsa pankhongo. "Mwaimva nambalayo? Fifite thuu. Ndi kanyenyezi aka. Palibe china, ndi chomwechi."

Chala chawo chinayenda pamenepo kawiri, katatu, chikufufuza. Kenako anapukusa mutu.

"Ayi, mayi. Changa chili ndi chipsera apa. Ichi n'chosalala."

Anandibwezera ndi manja awiri. Miyezi isanu! Ndinamva kutentha m'maso, ndiponso mkwiyo, chifukwa palibe buku limene likanandiuza za mng'alu wa pankhongo, ndipo chithunzi sichijambula kumbuyo. Mutu wanga wa ntchito unayamba kale kuwerengera: kampeni kotentha, mzere umodzi, guluu pang'ono kuti pachite litsiro lakale. Ine amene ndinathamangitsa bambo wa mabeseni uja ndinali wokonzeka kunamiza mayi anga.

Pobweza paja kansapato kamodzi kanavuka n'kugubudukira pansi pa mpando wawo. Ndinawerama kuti ndikatole, komanso kuti asaone nkhope yanga. Duku langa linakodwa pa dzanja la mpando n'kutsala pomwepo. Ndikupapasa pansi, ndinamva chikhatho chawo chitatera pamutu panga, mwina pofuna kundithandiza. Chinatsetsereka mpaka pankhongo. Chala chija chinayamba kuyenda monga ndinachiphunzitsira, ndipo chinaima.

Pali kamzere pamenepo, pomwe sipamera tsitsi. Ine sindinakaonepo, munthu saona nkhongo yake. Ometa okha ndi amene amandikumbutsa.

"Iwe!"

Ndinakhala chiweramire.

"Iwe, sindinakuuze kuti usakwere pampando? Ukanandipempha ndikanakutsitsira. Taona tsopano, magazi pa diresi lonse." Anandimenya kambama kopepuka paphewa, n'kukokera mutu wanga pabulangete. "Chidole changa. Ndakufunafuna nyumba yonse, awa akungondipatsa zapulasitiki. Unali kuti?"

Safunsa anadya phula. Ndinafunsa mabuku, ndinafunsa misika, ndinafunsa galasi, osafunsa mwini wake kuti chidolecho chinali chotani. Pachithunzi paja amayi ananyamula chimodzi chokha, ndipo sichinali cha nambala 52.

"Ndinali kumsika, amayi," ndinayankhira m'bulangete.

"Kumsika mpaka dzuwa kupendeka? Wadya?"

"Ayi."

"Ndinadziwa. Iwe!" Iwe uyu tsopano anali wa mlongo wanga, amene anaima pakhomo ndi thireyi, makapu akugundana. "Ukungoyang'ana chiyani? Mpatse mwanayu tiyi."

Mlongo wanga anathira, theka m'kapu theka m'sosala. Ndinamwa tiyiyo nditakhala pansi, mawondo akulira, dzanja la amayi lili pakhosi panga. Pofika nthawi yotsanzika amayi anali atandiiwalanso, ndipo anandithokoza kwambiri chifukwa chowayendera.

Chidole chija chili pashelefu yachitatu, ndi kadiresi kake kachikasu. Mawa lake ndinapita kokameta, ndinauza mtsikana wometa kuti kumbuyoku achotse tsitsi lonse. Misika ndinaisiyira ena. Lamulungu lililonse ndimalowa m'chipinda cha pawindo chija, ndipo sindiyamba ndi moni. Ndimavula duku, ndimakhala pansi patsogolo pawo nditawafulatira, n'kudikira chala.