Buku Lopanda Chikuto la Timu ya ku Madzimoyo

Loweruka limenelo Dolika anadzuka ntchito zili kale pakhomo. Anatsegulira nkhuku, anasesa bwalo, anatsikira kudambo ndi mtsuko, anachapa matewera a mwana wake Edmund n'kuwayanika pa udzu wa bafa, anakonola chimanga cha kuchigayo, kenako anakhala pansi kuswa nsawa. Mawa lake, Misa ikatha, kunali mpira: anyamata a kuno ku Madzimoyo ndi a ku Chipangali. Tsiku la mpira ndilo linali tsiku lake la malonda. Nsawa zinalipo, mchere unalipo, phale lokazingira linalipo. Chosowa chinali mapepala okulungira. Nyuzipepala zakale zimene ankapempha kwa Mmwenye wa sitolo ku Foti Jemusoni zinali zitatha, ndipo kuyenda mpaka kuboma mwana ali kumsana chifukwa cha mapepala okha, Dolika sakanachita.

Mwamuna wake, Gabrieli, ndiye ankasunga mabuku a timu. Anali mabuku asanu a Chingerezi, onena za azungu a ku Mangalande amene amalandira malipiro posewera mpira, monga wina amalandirira pokumba mkuwa. Anatumiza ndi anyamata a mudzi uno ogwira ntchito kumigodi, ndipo anati azikhala kwa Gabrieli poti ndiye ankaphunzitsa anzake kasewero. Mbiri ya Gabrieli pamudzi inali yomweyo. Munda wake unali waung'ono, njinga analibe, koma anthu ankati, "Kwa a Gabrieli, kuli mabuku kuja."

Amuna akasonkhana pakhonde lake, nkhani ya boma la Chitaganya inkatha msanga. Yosatha inali ya mabukuwa: loposa onse ndi liti, lotsatira ndi liti, lomaliza ndi liti. Maina ake enieni ankapinda lilime, ndiye ankangoti Lofiira, Lobiriwira, Lonenepa, Lazithunzi ndi Lopanda Chikuto. Akumigodi anali atafunsa kuti labwino ndi liti, kuti akagule ena a mtundu womwewo, ndipo amuna anapangana kuti adzamalize mkanganowu mpira wa mawa ukatha. A Bonifasi, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu, anali ndi nkhani yawonso imene ankaibwereza nthawi zonse: nyumba yaudzu, yokhala ndi mwana wokwawa, si malo osungira mabuku, apite m'kabati ya kusukulu. Gabrieli ankayankha kuti kwake sikunatayikepo ngakhale tsamba limodzi.

Dolika za mkanganowo sankazitsata. Amuna akamafuula pakhonde, iye amakhala ali kuseri ndi ntchito zake. Chimene ankadziwa ndi mmene nyumba yake inkayendera: chinthu cha mtengo chimakhala m'bokosi, chimene chili poyera n'chogwiritsa ntchito. Mabuku anayi anali m'bokosi, okulungidwa m'nsalu, pamodzi ndi malaya a ubatizo a mwana. Lachisanu linkangogona paliponse, lero pawindo, mawa kumutu kwa mphasa, lakuda ndi zala, masamba ake akugwedera ngati mano a nkhalamba. Dolika analitenga n'kulitembenuza. Sukulu anasiyira Sitandade 2 kuti ndalama zikwanire mchimwene wake, ndiye Chingerezi sichinamuuze kanthu. Zithunzi munalibe, koma timizere, timivi ndi tozungulira. Malaya akatha amasanduka sanza, khasu likatha limakhala la mwana. Gabrieli anali kubwalo kukatchetcha udzu. Dolika anazula masamba a pakati, n'kusiya a kumayambiriro ndi a kumapeto kuti mwiniwake asasowe chogwira. Anali mapepala abwino, olimba kuposa nyuzipepala, opindika bwino ngati kanyanga.

Lamulungu malonda anayenda. Pofika nthawi yopuma, lichero linali litatsala pang'ono kuyera. Apo ndi pamene a Bonifasi anabwera n'kugula kanyanga kamodzi ka nsawa. Anakhuthulira nsawa m'dzanja, n'kutambasula pepalalo monga achitira munthu wozolowera kuwerenga chilichonse. Anasiya kutafuna.

"Amake Edmund, pepala ili mwalitenga kuti?"

"Kunyumba, aphunzitsi. M'buku lina lakutha."

"Lakutha," anatero a Bonifasi. Anatembenukira kubwalo. "A Gabrieli, tafikani kuno pang'ono."

Gabrieli anabwera akupukuta thukuta, anzake atatu ali pambuyo. Analandira pepalalo, mafuta a nsawa atalilowerera mpaka kuonekera mbali inayo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana m'lichero, momwe munali tinyanga tina titapindidwa bwinobwino, n'kuyang'ananso khamu la anthu kuzungulira bwalo, aliyense ali ndi kake m'manja.

"Si ili lija mumati nambala wani?" anafunsa a Bonifasi. "Lija mumati ngakhale nyumba itapsa mudzayamba kutulutsa ilo?"

Goloboyi wa timu, Bizwell, anakweza kanyanga kake. "Achimwene, nambala wani wanuyu ine ndamudya kale. Mwanena zoona, ngwokoma. Mchere uli bwino."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunayenda mozungulira bwalo ngati moto wa m'tchire, mpaka kwa alendo a ku Chipangali amene sanadziwe n'komwe chimene akuseka. Apo m'pamene Dolika anazindikira chifukwa chake bukulo linali lakuda, chifukwa chake silinkalowa m'bokosi. Mpeni wakuthwa sukhala m'bokosi. Iye mwini ankazidziwa zimenezo, koma pa buku sanaziganize.

Anayembekeza kuti mwamuna wake amukalipira pagulu, ndipo zikanakhala bwino. Koma Gabrieli anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la kabudula.

"Ndinalisiya poyera ndine," anatero motsitsa mawu. Wezulo inalira, iye n'kubwerera m'bwalo.

Mainess, mnzake wogulitsa nthochi, anamukoka chitenje. "Iwe, tenga mwana uzipita. Ine ndikusungira licheroli."

"Ndipite mapepala ali m'manja mwa anthu?"

"Ukawatolera? Pamaso pa anthu onsewa? Manyazi ulibe?"

"Alipo ambiri," anatero Dolika. "Ndigwirire licheroli."

Anamanga Edmund kumsana n'kuyamba kuzungulira bwalo. Kwa aliyense ankagwada pang'ono n'kunena mawu omwewo: "Pepani, mukatha kudya mundipatseko pepalalo." Ena ankapereka osamuyang'ana, ndipo amenewo anawathokoza mumtima. Ena ankayamba aliwerenga mokweza ndi Chingerezi chabodza kuti anzawo aseke. Mnyamata wina wa ku Chipangali anati, "Amayi, ine ndagula nsawa ndi mbale yake yomwe. Mbale mukuifuna, bwezani kobiri langa." Dolika anamasula nsonga ya chitenje n'kumubwezera. Anzake ataona choncho, onse anatambasula manja.

Ena anali atataya kale. Dolika anawerama kutola pansi pa mapazi a anthu, m'fumbi, m'makoko a nzimbe. Mayi wina anali atapukutira mwana mamina, ndipo Dolika analandira pepalalo momwemo. Pansi pa mtengo wa mango anapeza mkulu wina akusuta mosangalala.

"Agogo, pepala lija la nsawa?"

Mkuluyo anachotsa ndudu pakamwa n'kuionetsa. "Ndi ili, mwana wanga. Silinandivute popichira. Ngati uli nawo ena, ndigaireko."

Nthawi yonseyi mpira unkaseweredwa, ndipo Dolika sanayang'aneko. Ankangomva a ku Chipangali akukuwa, kenako akukuwanso. Gabrieli ankasewera ngati munthu amene wasiya maso kunja kwa bwalo.

Mpira utatha, amuna anakhala pakhonde la sukulu kuti amalize mkangano wawo monga anapanganira. Dolika anathamangira kunyumba kukatenga chotsala cha bukulo, n'kudzakhala chapatali ndi mulu wa mapepala pamiyendo. Chingerezi sankachidziwa, koma manambala a pansi pa tsamba ankawadziwa. Anawongola pepala lililonse pabondo n'kuliika pamalo pake. Atamaliza anakagwada pafupi ndi khonde n'kupereka kwa mwamuna wake ndi manja awiri.

A Bonifasi analandira kwa Gabrieli n'kutsegula. Sanakalipe. Ankangotembenuza masamba pang'onopang'ono.

"Apa akuti woteteza kumbuyo, mdani akabwera ndi mpira, ayambe..." Anatembenuza tsamba. "Basi, zathera pomwepo. Ayambe chiyani, sitidzadziwa. Mwina n'chifukwa chake atichinya."

"Ayambe wakazinga," anatero Bizwell.

Gabrieli anayesa kulankhula. Anati bukuli ndilo lokha limene limaphunzitsa munthu poima, pothawira ndi popereka mpira. Lazithunzi n'longoonetsa azungu atanyamula zikho, Lonenepa n'la munthu wodzitama yekha. Zinali zoona, ndipo ambiri ankazidziwa. Koma akangoti "Lopanda Chikuto," wina ankayamba kutafuna pakamwa popanda kanthu, gulu lonse n'kugwa ndi phwete.

Amuna aja anakweza manja posankha. Lazithunzi linakhala loyamba, Lofiira lachiwiri, Lonenepa ndi Lobiriwira n'kutsatira. Lopanda Chikuto anati silingayikidwe pamzere, poti buku losoweka pakati lili ngati nyumba yopanda denga. Kenako a Bonifasi anabweretsa nkhani yawo ya kabati, ndipo ulendo uno panalibe wotsutsa. Dolika anaona mwamuna wake akukweza dzanja pamodzi ndi enawo.

M'mawa mwake Gabrieli analawirira kumunda osatchula za mabuku. Dolika ndiye anawatulutsa m'bokosi n'kuwasenza pamutu mpaka kusukulu, kudutsa pachitsime pomwe amayi anasiya kutunga kuti amuone bwino. A Bonifasi analandira anayiwo. Lopanda Chikuto lija anati abwerere nalo, m'kabati mulibe malo a zinthu zamafuta, zingaitane makoswe. Masana amenewo Dolika analisoka ndi singano ndi ulusi wakuda, n'kulimatira chikuto cha katoni ya sopo. Gabrieli atabwera analitenga, analitembenuza, n'kunena kuti, "Mwasoka bwino, amake Edmund." Analiika m'bokosi, ndipo Dolika sanamuonenso akulitulutsa.

Zonse pamodzi zinadya izi. Makobiri obwezera a ku Chipangali anakwana masheleni awiri, ndiye kuti phindu la tsikulo ndi mtengo wa mchere womwe. Nsawa zotsala m'lichero Mainess anagawira ana, poti panalibenso wogula. Ulusi unatha theka. Masamba khumi ndi atatu sanapezeke. Amuna anasamukira pakhonde la sukulu, ndipo akumigodi anatumiza mabuku ena awiri a zithunzi zokhazokha. Gabrieli anapitiriza kusewera, koma zophunzitsa anzake anazisiyira Bizwell. Dolika anasiya kugulitsa kubwalo la mpira. Nsawa zake tsopano ankapita nazo kumsewu wa ku Foti Jemusoni, kumene ogula ndi ochepa, n'kumayezera m'kapu, wogula atatambasula manja.