Mpando Womwe a Mahmud Anawotcherera

Pa fomu ya inshulansi pali kamzere kolembapo dzina la munthu amene ankayendetsa galimoto nthawi ya ngozi. Ine Perpetua ndinalembapo kuti Medson, dzina la amuna anga. Linali bodza. Tsiku limenelo ndinkayendetsa ndine.

Linali Lamlungu masana titaweruka ku tchalitchi. A Medson anali atalimbikira kwa miyezi kuti ndiphunzire galimoto, koma za sukulu yoyendetsa ankangoziseka, amvekere mphunzitsi muli naye m'nyumba momwemo. Tinakwera phiri iwo ali pachiwongolero, tinagula masitiroberi pa Ku Chawe, ndipo pobwerera anandipatsa makiyi. Laisensi ndinalibe.

Inali nyengo ija ya mizere ya mafuta, galimoto zikugona masiku awiri pamalo omwetsera. Amuna anga anali ndi nzeru yomwe madalaivala ambiri a kuno amaidziwa: potsika phiri umazimitsa injini, galimoto n'kumatsetsereka yokha.

"Zimitsani, amake Yvonne," anatero. "Pano phiri limatikankha laulere."

Ndinazimitsa. Makona awiri oyamba tinadutsa bwinobwino, iwo akuseka, akutaya timitu ta masitiroberi pawindo. Pa kona yachitatu buleki inauma gwa, poti injini inali yozima. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse koma galimoto sinamve, mpaka tinakawomba mtengo wa paini. Ine ndinali nditamanga lamba. Iwo ayi, chifukwa ankati lamba amakwinya shati.

Anatuluka okha akuyenda, magazi pang'ono pachipumi basi. Anthu osenza nkhuni asanatifike, anandigwira phewa.

"Ndimayendetsa ndine. Mwamva? Mulibe laisensi inu. Apolisi akutengani, a inshulansi akana, nanga Yvonne akhala ndi ndani?"

Kwa apolisi ananena zomwezo ali pabedi kuchipatala. Lachitatu m'mawa anamwalira. Adokotala anati magazi ankatayikira m'kati.

Pamaliro kwathu ku Mbedza apongozi anga anakhala nane pamphasa masiku onse, atandigwira dzanja. Ankalira akudzudzula mwana wawo yemwe. "Medson iwe, liwiro ndinakuletsa kangati? Ukanandipheranso mwana wa eni ake." Ine ndinkangowerama. Ndinkachita manyazi ndi dzanja lawo lija, koma kulichotsa ndinkalephera.

Za mizukwa sindikhulupirira, ndine mayi wa Mvano. Koma kuyambira pamenepo chilichonse chofuna kuzimitsa chinayamba kundivuta. Ndikafika pa wailesi kapena pa simbi, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinkamva mawu aja kumanzere kwanga, ofatsa, oseka pang'ono: zimitsani, amake Yvonne. Wailesi inkalira tsiku lonse mpaka mwana abwere kuchokera kusukulu adzazimitse.

Galimoto anaikokera ku galaja ya a Mahmud ku Chinamwali, omwe ankaikonza kuyambira pomwe tinaigula. A inshulansi anali atanenetsa kuti pasapezeke woikhudza mpaka munthu wawo woyeza ngozi, amene amamutchula kuti asesa, atabwera kudzaiona. Anthu amenewa sathamanga ayi. Anafuna lipoti la apolisi, kenako kalata ya imfa, kenako lipoti lomwe lija chifukwa chidindo akuti sichinkaoneka. Patatha milungu isanu, Lachinayi lina a Mahmud anandiimbira foni.

"Mayi, asesa akubwera mawa kuchokera ku Blantyre. Bwerani lero, ndipo mubwere nokha."

Ndinakwera kabaza. Galaja yawo ndi bwalo chabe lotchinga ndi malata, pansi pakuda ndi oyilo. Galimoto yathu inali pansi pa mtengo wa mango ataifunditsa lona. A Mahmud, bambo wamfupi wa imvi m'ndevu, anavundukula mbali imodzi n'kutsekula chitseko cha dalaivala.

"Taonani mpandowo."

Ndinauyang'ana koma sindinaone chachilendo.

"Malemu anali chimunthu chachitali. Akabweretsa galimotoyi, ine ndinkachita kukoka mpando kuti ndifikire. Lero ndikukhalapo bwinobwino. Njanji zomwe mpandowu umatsetserekapo zinapindika pa ngozi, ndiye unakanirira pomwe unali nthawi imeneyo. Pamenepa malemu sakanalowa, mawondo akanagunda chiwongolero. Asesa uja si mwana, mayi. Msinkhu wa malemu akafunsa kwa aliyense amuuza."

Ndinachotsa maso pa mpandowo.

"Sindikukufunsani kanthu," anapitiriza. "Koma ndikuuzeni. Lachiwiri lija madzulo anandiimbira ali m'chipatala, mawu akuvuta kutuluka. Anati, achimwene, mpando uja mubweze m'mbuyo. Ndinavomera. M'mawa mwake ndinamva za maliro."

"Nanga bwanji simunabweze?"

"Bodza sindilikonda, Mulungu akundiona. Komanso wopempha uja anapita. Wotsala nazo ndinu. Mukati ndisiye, ndisiya. Mukati ndibweze, ndidula njanjizo n'kuwotcherera mpando pansi penipeni. Ukatero sudzasunthanso."

Ndinene zoona, mtima wanga unkafuna kuti ausiye. Ndinali nditatopa. Ndinkalakalaka munthu wina wa taye adzandiloze chala n'kunena kuti mayi, munapha amuna anu ndinu, kuti mwina ndiyambe kugona tulo. Koma ndinaganiza za Yvonne, wa zaka zisanu ndi zinayi, akumva kusukulu kuti amake ali kukhothi. Ndinaganizanso za munthu uja, maola ake omaliza, m'malo moitana abusa akuimbira makaniko. Ndinamukwiyira kwambiri, ndipo ndinamusowa nthawi yomweyo.

"Bwezani," ndinatero.

A Mahmud anangogwedeza mutu n'kutenga choko.

"Ndiuike pati? Mwendo wawo unali wautali bwanji?"

Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala ndikuchapa ndi kusita mabuluku a amuna anga. Ndinatambasula mkono monga amachitira ogulitsa nsalu mumsika, kuchokera pamphuno mpaka kunsonga ya chala, n'kuwonjezera chikhatho chimodzi ndi zala zitatu. A Mahmud anayeza ndi chingwe pa thupi langa, maso ali kumbali, kenako anakalemba mzere pansi pa galimoto. Pomwe ankawotcherera ndinakhala pa tayala lakutha kuyang'ana kuphiri, komwe nkhungu inali itaphimba mitengo. Atamaliza anapakapo oyilo wakuda ndi fumbi kuti pasaoneke pachilendo.

Asesa anabwera m'mawa mwake, mnyamata wa nsapato zonyezimira yemwe ankaopa kuponda oyilo. Anajambula kutsogolo, anajambula galasi, anasuzumira m'kati. Anakhala pampando paja, anatambasula miyendo osafikira bwino, n'kuseka.

"Koma abambowa anali atali, eti?"

"Anali atali," ndinayankha.

Anavomereza boneti, bampala, galasi, nyali ndi zina za kutsogolo. Mpando sanaulembe, poti kwa iye unalibe vuto.

Kukonza kunatenga miyezi iwiri, zipangizo zina zikuchita kuchokera ku Limbe. Tsiku lomwe a Mahmud anaibweretsa ku Mbedza anakhala chakunsonga kwa mpando, atatsamira pilo kumsana. Anandipatsa makiyi osanena zambiri n'kubwerera pa kabaza. Galimoto inali yowala ngati sinaonepo mtengo.

Apongozi anga anali atabwera kudzationa sabata imeneyo. Anatuluka m'nyumba, anaizungulira pang'onopang'ono akuisisita ndi dzanja. Yvonne anali atalowa kale kumbuyo.

"Amayi, takhalani kutsogolo tione ngati mukukhoza!"

Ndinakana, koma agogo ake anandikakamiza. "Lowani, amake Yvonne. Ndi yanu tsopano, mudzaphunzira."

Ndinalowa. Msana unamira kutali, manja anangofika kunsi kwa chiwongolero, ndipo mapazi anga analendewera osakhudza buleki. Ndinakhala m'malo a munthu wamtali uja ngati mwana wovala jekete la bambo ake. Apongozi anawerama pachitseko, anayang'ana mapazi angawo, kenako anagwira pakamwa misozi ikutsika.

"Mayo, taonani. Udakali momwe anausiyira mwana wanga tsiku lija." Anaika dzanja pamutu pa mpandowo. "Ndakupemphani, amake Yvonne, musausunthe."

"Sindidzausuntha, amayi," ndinatero.