Mpope Wachitatu

Ndiye kuti vuto linali mpope wa mfuti basi, panalibenso china. Lowell Brandvold anali atadziuza zimenezi m'mawa, akumanga komaliza mfuti yake m'galaja, ndipo ankadziuzabe tsopano, atakhala pa benchi ya malo owomberako mfuti kunja kwa tauni, chigongono pa thabwa lozizira, diso pa kagalasi koyang'anira. Mfutiyo anailumikiza yekha, chitsulo chimodzichimodzi, nyengo yonse ya chisanu. Inali ya mtundu uja wodzilowetsa wokha chipolopolo china ukangowomba. Mpope woyamba unali wopepuka, ndipo ukangotentha unkamwaza zipolopolo ngati wofesa tirigu. Wachiwiri anaubweza atakangana ndi wogulitsa pa foni mpaka mawu kusasa. Uwu unali wachitatu: wautali, wolemera, wa chitsulo chosachita dzimbiri, umene amuna onse a kusitolo ya mfuti anaulumbirira kuti ngakhale wakhungu akhoza kulasa nawo diso la nkhandwe.

Anatulutsa mpweya pang'onopang'ono monga anaphunzirira ali mwana, nkukoka kachitsulo kowombera. Anawombanso, kenaka kangapo konse, nayang'ana pa pepala la chandamale patali paja. Mabowo anali atabalalika, lina kumanzere, lina pamwamba, lina kutali kwenikweni ngati silikufuna kudziwana ndi anzake.

Benchi iyi ikugwedezeka, anaganiza, anthu a kalabu yoyang'anira malo ano amangotolera anthu kumisonkhano koma kukhoma msomali umodzi ayi, kapena ndi matumba a mchenga otsamiritsira mfutiwa, kapena zipolopolo, poti masiku ano fakitale iliyonse ikungothamangira kugulitsa. Nanga kamtanda kolozera ka m'galasimo, kamene kankavina pa chandamale iye asanagwire n'komwe kachitsulo, kankavinitsidwa ndi chiyani? Funso limeneli analikankhira kutali, monga ankalikankhira pa ntchito akakhala pamwamba pa mtengo wa magetsi, bawuti ikakana kulowa ndipo anyamata ali pansi nkumafuula kuti madala tsikani tikuthandizeni. Mwezi wamawa kampani inali kudzawayezetsa onse kwa dokotala. Munthu wokwera mitengo ya magetsi amadyera manja ake, ndipo iye analibe ntchito ina imene ankaidziwa.

Pa benchi ina panali Merle, mchimwene wa mkazi wake Arlys, akutafuna njere za mpendadzuwa nkumalavulira makoko m'kapu yopanda kanthu. Lowell sanamuitane. Anangofika yekha ndi pikapu yake, osatulutsa ngakhale mfuti, ati ankangodutsa. Ankadutsa kupita kuti, msewu umenewu umathera pa mpanda wa ng'ombe? Anamutuma ndi Arlys, zinali zoonekeratu. Arlys yemweyo amene sabata yatha anaona khofi atatayikira pa malaya a Lowell osanena kanthu, mawa lake nkubwera ndi makapu okhala ndi zivindikiro, ati anali otchipa. Akanakhala kuti anakalipa, anafunsa, ngakhale kuseka kumene, bwenzi atamuyankha; koma munthu ungakangane bwanji ndi kapu?

"Alamu," anatero Merle, "mukulimbana ndi pepalalo kapena dera lonse lino la Montana?"

Lowell anati mpopewo sunazolowere, umafuna uwombedwe kaye. Merle anavomera ndi mutu, nalavula khoko.

Lowell anadzazanso zipolopolo, ndipo chimodzi chinamupulumuka nkugubuduzika pa thabwa, iye nkuchigwira msanga ngati wakuba. Bambo ake anali munthu woti nkhandwe ikathamanga kutsidya kwa munda ankaigwetsa ali chiimire, osatsamira kanthu, ndipo anthu ankabwera kuchokera kutali kudzangoona. Bambo omwewo, zaka zawo zomaliza, supuni inkagogoda mbale ngati belu la tchalitchi, msuzi osafika pakamwa, ndipo iye, mwana wawo, ankayang'ana pawindo nkumayankhula za nyengo. Ankati akuwasungira ulemu. Lero lino ndi pamene ankadzifunsa ngati mdalayo sankaona khosi lotembenukalo, ngati sankalakalaka wina atangomuyang'ana m'maso. Koma ayi, zimenezo zinali za bambo ake, matenda sachita kusiyirana ngati munda, ndipo iye anali atangotopa, khofi wachuluka, tulo tachepa, mpope ndi watsopano.

Anawombanso. Zinali chimodzimodzi, mwinanso kuposa.

"Tabweretsani ndiilaweko," anatero Merle.

Akanatha kukana. Anaganiza zokana, mawu anali kale pa lilime, koma kukana kukanakhala kuvomera, choncho anadzuka nkumusiyira mpando. Merle, munthu amene mfuti yake imagona chaka chonse kuseri kwa mpando wa pikapu osapukutidwa, anakhala mwa ulesi, osasuntha ngakhale thumba limodzi la mchenga, njere ikadali m'kamwa. Mfuti inalira mokoma, motsatizana bwino, zitsulo zonse zimene Lowell anazisankha ndi kuzimanga yekha zikumverana ngati kwaya, ndipo kwa kanthawi anamva kunyada, kunyada kopusa, asanakumbukire tanthauzo lake.

Anayenda onse awiri kupita ku chandamale, udzu wouma ukulira pansi pa nsapato. Lowell ankapemphera (iye amene kutchalitchi ankangopita kukaperekeza Arlys) kuti mabowo a Merle akhale obalalika, kuti mpopewo ukhale woipa, wopindika, wachinyengo, kuti akaimbenso foni Lolemba nkutukwana munthu. Pa ngodya ya pepala, pamene Merle analoza, panali mabowo ogundana, moti chala chachikulu chikanawaphimba onse.

Lowell anadikira chipongwe. Zaka zonse chikwatirireni mlongo wake, Merle sanaphonyepo mpata womuseka, pa maliro pomwe ankapeza ponena, ndipo Lowell anaimika mapewa kuti alandire, anali atakonza kale yankho lake. Koma Merle anangokanda chibwano, maso ali kumapiri.

"Mphepo inali itaima nthawi yanga ija," anatero motsitsa mawu. "Inu inakuvutani."

Zikanakhala bwino akanamumenya khofi. Ndiye kuti akambirana kale, Merle ndi Arlys, mwina pa tebulo la kukhitchini kwake komwe, agwirizana za mmene azimuyankhulira, mofewa, ngati munthu amene wayamba kale kuchoka.

"Ndiubweza mpope umenewu," anatero Lowell.

"Bwezani, alamu."

Anazula pepalalo pa thabwa kuti alipinde, alibise m'thumba Merle asanaliyang'anenso. Pepala linayamba kupupuma pakati pa zala zake, likulira phephephe, ndipo iye anakweza maso msanga kufunafuna mphepoyo, pa udzu, pa kansalu kofiira komangidwa pa mtengo, pa fumbi la mumsewu. Chigwa chonse chinali zii, ngakhale tsamba limodzi la udzu silinkagwedezeka.