Denga la Khola la Malume Haddou

Driss anali ndi kashopu kojambulira zithunzi mumzinda wa Meknes, kuseri kwa msika wa nsalu. Mkati mwa sabata ankajambula nkhope za anthu ofuna ziphaso, kumapeto kwa sabata n'kumazungulira m'maukwati. Ntchitoyo inkamudyetsa ndithu, koma mtima wake unali pena. Ankafuna kudzatulutsa buku la zithunzi za kumudzi, la minda ndi makola monga zimasinthira chaka chikamatembenuka. Pachikuto anali atasankha kale kudzaikapo khola la nkhosa la malume ake, a Haddou, kumapiri a kumtunda kwa tauni ya Azrou.

Kholalo linali la miyala, denga lake la dothi lotsendera pa mitanda ya mkungudza. Analimanga ndi agogo ake a Driss, ndipo linaima lokha pachitunda. Kutsidya kwa kamtsinje kunali mwala waukulu pomwe Driss ankaimika kamera yake, ndipo anatsimikiza zolijambula kanayi ataima pamalo omwewo. Chithunzi choyamba anajambula mu Epulo, padenga patamera udzu ndi timaluwa tofiira. Chachiwiri mu Julaye, balere atamweta, phiri lonse lili mbuu.

Atabwera mu Okutobala kudzajambula chachitatu, anapeza malata atsopano atawayedzamiritsa kukhoma la nyumba, atawamanga ndi chingwe.

"Nanga awa ndi a chiyani, malume?"

"A chiyani? Ukuona ngati ndikufuna kuwotcherapo nyama?" anaseka a Haddou. "Denga lija latopa, mphwanga. Mtanda wapakati wayamba kulira mphepo ikamawomba. Sabata yamawa tiligwetsa."

M'maso mwake Driss anaona kale malata akung'anima pachitunda ngati chitini chotayidwa. Anakhala pansi pafupi ndi malume akewo, n'kutulutsa zithunzi ziwiri zija. A Haddou anapukuta manja pamkanjo asanazigwire.

"Onani, malume. Lero ndijambula chachitatu, kutsale chimodzi chokha, cha chipale chofewa. Chikangogwa koyamba ndifika tsiku lomwelo. Ndikajambula, ine ndemwe ndikwera nanu pamwamba kukakhoma."

Mayi Itto, akazi a malume akewo, ankakanda ufa wa buledi pakhomo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Nkhosazo zizigona m'chithunzimo?"

Driss anaseka. "Mayi, denga lakhala zaka makumi asanu ndi limodzi, lingalephere miyezi iwiri? Zinthu izi inu simungazimvetse."

Mayi Itto anangopitiriza kukanda. A Haddou anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Driss anali mwana yekhayo wa malemu mlongo wawo, ndipo chiyambire sanamukanizepo kanthu. Kumsika wa Lachiwiri anali atauza kale anzawo kuti khola lawo lilowa m'buku.

"Chabwino," anatero. "Koma chipale choyamba chomwecho."

Chipale choyamba chinagwa mu Disembala. A Haddou anaimba foni m'mawa womwewo. Sabata imeneyo Driss anali ndi maukwati atatu, komanso atafunsa kuti chagwa chochuluka bwanji, anamva kuti miyala ikuonekabe.

"Aa, chimenecho n'chochepa, malume. Chithunzi sichingakome. Tidikire chenicheni."

A Haddou anati, "Wadziwa ndiwe."

Chenichenicho chinabwera mu Januwale. Chinagwa masiku atatu osalekeza, msewu unatsekeka, mafoni akumapiri osagwira. Msewu utangotseguka Lachinayi, Driss anakwera takisi yoyamba, ndipo mtunda wotsala anauyenda pansi, chipale chikumufika m'mawondo. Ankaimba mluzu. Kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe, dziko lonse lili mbee. Sanayambe wakalonjera kunyumba. Analunjika pamwala pake paja, anaimika kamera, n'kuika diso.

Makoma analipo. Pamwamba pake panalibe kanthu, koma dzenje lakuda ndi mitanda yothyoka itatuluka ngati nthiti. Chala chake chinadina chokha mutu usanamve zimene maso akuona. Kamera inalira kuti tswa. Kenako m'pamene anaona anthu akutuluka m'kholamo awiriawiri, atanyamula zinthu zolemera.

Sanadziwe kuti anawoloka bwanji kamtsinjeko. Atafika anapeza nkhosa atazindandalika pachipale, khumi ndi zinayi, zambiri zili ndi bere. Denga linali litagwa m'bandakucha wa dzulo lake. Poti zinafa zosazinga, panalibe amene akanadya ngakhale kachidutswa. Amuna asanu oyandikana nawo ankafukulabe dothi losakanikirana ndi chipale. A Haddou anatuluka manja atawakulunga ndi sanza, magazi atadutsa pansaluyo.

"Wafika, mphwanga? Msewu uli bwanji?"

Kamera inali ikulendewerabe pachifuwa pa Driss, ndipo aliyense ankayang'ana pomwepo. Bassou, bambo wa ndevu zofiira amene munda wake unachita malire ndi wa a Haddou, anazika fosholo pansi.

"Wa zithunzi uja ndi ameneyu? Tiime pati, bwana, kuti tioneke bwino? Kapena tizisendeze nkhosazi zione kudzuwa?"

Mmodzi anaseka pang'ono, n'kudzigwira.

"Musiyeni," anatero a Haddou. "Khola ndi langa, malata ndi anga. Amene sanakhome ndine."

Driss akanakonda akanamuwomba mbama anthu onse akuona. Anavula kamera, n'kuibisa kunsi kwa jekete lake pakhoma, ndipo anatola fosholo. Nsapato zake zam'tauni zinalowa madzi nthawi yomweyo. Pasanathe ola manja anali atatuluka matuza, koma sanayerekeze kupuma. Iyeyo ndi amene anafukula nkhosa yomaliza, yakuda kumutu, ndipo anaizindikira. Inali m'chithunzi cha mu Epulo, itaima pakhomo la khola.

Masana Mayi Itto anabweretsa tiyi, buledi ndi mafuta a maolivi. Anathirira aliyense, ndipo tambula ya Driss anaiika pambali pake mofanana ndi ena onse, osamuyang'ana. Amunawo atabwerera kuntchito, iye anawatsatira mayiwo kukhitchini. Anawapeza atakhala pafupi ndi moto, akuyamwitsa ndi botolo tiana tiwiri ta nkhosa tomwe amayi ake anali m'gulu la zakufa panja paja.

"Mayi," anatero ataima pakhomo. "Ndinalakwa. Ndi zimene ndinakuyankhulani tsiku lija."

"Wajambula?"

Akanatha kunama. Palibe amene anamuona ali pamwala.

"Ndajambula."

"Chatuluka bwino?"

Driss anayang'ana pansi. Madzi a m'nsapato zake anali atayamba kunyowetsa mkeka wawo.

"Usaime pakhomopo, ukulowetsa mphepo," anatero Mayi Itto. "Gwira botolo ili. Ukweze kumbuyoku, ungakatsamwitse."

Anagwada, n'kugwira. Kankhosako kanayamwa mwamphamvu, kamchira kakugwedezeka. Mayi Itto anatuluka kukatola matambula, n'kumusiya yekha m'menemo.

Anakhalako masiku khumi ndi limodzi, shopu ili chitsekere. Anakumba nawo dzenje lokwiriramo nkhosazo m'dothi louma ngati mwala. Anasenza mitanda yatsopano kuchokera kumsewu. Tsiku lokhoma malata anakwera pamwamba monga analonjezera, koma misomali inkangopindika, mpaka Bassou anamulanda hamala n'kumuuza kuti azingopatsira. Pachakudya ankakhala kumapeto, n'kumangotola pang'ono m'mphepete mwa mbale. A Haddou ankamukankhira nyama ngati kale, ndipo chimenecho n'chimene chinkamupweteka koposa.

Atabwerera ku Meknes anaika zithunzi zitatu zija m'kabati. Chachinayicho sanachitsuke, komanso sanachifufute. Nthawi zina akamafufuza zithunzi za ukwati m'kameramo ankachidutsa mwachangu. Mnzake wina amene ankadziwa za bukulo atamufunsa kuti lafika pati, anangoti nyengo sinamuyendere.

Mu Malichi anagulitsa galasi lake lalikulu lojambulira zapatali, n'kupita kumsika wa ziweto ku Azrou. Anagula nkhosa zazikazi zinayi, n'kuzikweza pa kagalimoto mpaka kwa malume ake. Pamsewu anapezana ndi Mayi Itto akuchokera kotunga madzi. Anayang'ana nkhosazo, anayang'ana iye, n'kumuuza kuti malume ake ali kuseri kwa khola.

A Haddou anabwera osafulumira. Anazungulira nkhosazo, anapapasa misana yake, kenako anagwira imodzi n'kuikanula kukamwa. Anachita chimodzimodzi ndi yachiwiri.

"Anakugulitsa ndani?"

"Bambo wina wa chipewa chofiira, pafupi ndi chipata."

"Wakupusitsa, mphwanga. Ziwirizi ndi nkhalamba, mano atha. Ukanandiitana."

Driss anati azibweza Lachiwiri likubwerali.

"Uzibweze kwa ndani? Ameneyo pano ali kutali, ku Khenifra." A Haddou anamasula chingwe pakhosi pa yoyambayo. "Zibereka kamodzi, mwina kawiri Mulungu akalola. Tsegula chitseko cha kholacho. Ukankhe ndi phewa, chimalimba."